Mikwamba Iwiri Imene Madzi Anabisa

Chingwe chija ndikadali nacho. Ndi cha khonje, chopota pamanja, cha mfundo khumi ndi ziwiri. Kuchokera pa mfundo ina kufika pa inzake ndi mkwamba umodzi, mkwamba wa amalume, manja awo atatambasula. Kunsonga kunali mwala wobowola pakati, koma mwalawo unatayika kale. Chingwe cha khonje chikanyowa chimada, chimalemera, ndipo chimachedwa kuuma.

Sindine munthu wa nkhani. Ndimakhoma maboti. Koma iyi ndiinena.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Mbungo, ine ndi amayi. Bambo anamwalira ndisanawadziwe nkhope. Munda wa chinangwa tinali nawo, koma munda wa pa Likoma theka lake ndi miyala. Chimene chinkatidyetsa ndi makina osokera. Anali akuda, a maluwa agolide m'mbali, ndi gudumu lonyezimira lopukusa pamanja. Amayi ankasoka mayunifomu a sukulu, madiresi a amayi a mpingo, ndi zigamba pa makabudula a asodzi. Tepi yoyezera analibe. Ankangokuyang'ana kuchokera kumapewa mpaka kumapazi, n'kukuuza nsalu yofunika, ndipo siinkatsala kapena kuperewera. "Diso langa ndiye tepi," ankatero. Mudzi wonse unkavomereza. Ine ndinkavomereza kuposa onse.

Chaka chimenecho makina anayamba kudumpha ulusi. Kunamveka kuti ku Khuyu kwafika munthu wa ku Kobwe wodziwa kukonza. Kusenza chitsulo chotere m'njira za miyala si masewera, choncho amalume anati awatengere pa bwato. Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wamkulu, bere limodzi. Popita anayenda bwino. Makina anakonzedwa. Pobwera, atatsala pang'ono kufika, pa miyala ya kunsonga kwa gombe, funde linamenya bwato m'mbali. Mwera unali kumapeto, koma mwera umaluma pomwe ukutsanzika. Bwato silinagubuduke. Linangopendekeka, makina n'kutsetsereka.

Amalume anafika kunyumba ndi chitenje chokha chimene anakulungiramo makinawo.

Amayi sanalire. Analandira chitenjecho, anachichapa, anachiyanika. Kuyambira tsikulo anasiya kuyankhula ndi mlongo wawo.

Tebulo linatsala pakhonde ndi mabowo anayi a mabawuti. Ndinkalowetsamo chala. Amayi anayesa kusoka ndi singano yapamanja, koma diresi limodzi linkawatengera mlungu, ndipo nsonga za zala zinatupa. Anthu anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo. Ankabwera mwaulemu, n'kuyamba afunsa za moyo, kenaka n'kunena kuti ukwati wayandikira, apite nazo kwa matelala a ku Chipyela. Mulu wa nsalu pa mpando unkatsika tsiku ndi tsiku. Ndiwo zinasanduka chigwada, lero chigwada, mawa chigwada. Amalume ankatumiza utaka kudzera mwa ine. Amayi ankaubweza.

Kenaka mphepo inaleka. Kutentha kunayamba, mango anayamba kumera timaso, nyanja inagona. Matope onse amene mwera unavundula anakhazikika, madzi anayera mpaka munthu kumawerenga miyala ya pansi. Ana owedza tinsomba ta mbuna ndiwo anabwera akuthamanga kudzanena kuti makina akuoneka.

Tinabwereka kabwato ka oyandikana nawo. Ine ndinkapalasa, amayi atakhala kutsogolo, atagwira m'mbali ndi manja onse, chifukwa sankadziwa kusambira. Titafika anawerama. Makina anali apo, atagona cham'mbali pa mchenga woyera pakati pa miyala iwiri. Gudumu linkanyezimira. Tinsomba tobiriwira tinkalowa ndi kutuluka pansi pa mkono wake. Ngakhale maluwa agolide aja ankaoneka. Unkachita ngati ungotambasula nkhafi n'kuwakhudza.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira munthu wofuna diresi.

"Mikwamba isanu ndi umodzi," anatero. "Siipitirira."

Mawa lake tinapitanso. Mkuja wakenso. Ankangowerama, kuyang'ana, n'kundiuza kuti tibwerere. Lero ndikuti chinthu chikatayika chitayikiretu. Mtima umachira. Choipa ndi chotayika chimene ukuchiona m'mawa uliwonse.

Mawu aja a mikwamba isanu ndi umodzi sanangowanena. Amalume ndiwo anali wodumphira pansi wa mudzi wathu. Ukonde wa chilimira ukakodwa pa miyala, asodzi ankaitana iwo kuti akaumasule. Anali ndi galasi lovala kumaso limene anawasiyira anthu ena ogwira mbuna zokagulitsa kunja. Ndipo aliyense ankadziwa malire awo, chifukwa ankawanena okha. "Pa isanu ndi umodzi ndimafika n'kubwerako. Kupitirira apo kuli eni ake."

Tsiku lachinayi amayi anavala mpango n'kupita kwa amalume. Ine ndinatsatira. Tinawapeza pansi pa mlambe akusoka ukonde ndi amuna ena atatu. Amayi sanakhale pansi.

"Alongo, makina anga ali poyera. Ngakhale mwana akuwaona."

"Ndawaona nanenso," anatero amalume, maso ali pa ukonde. "Madzi oyera ndi abodza, mlongo wanga. Paja m'pakuya."

"Pogwetsa paja simunaone kuti m'pakuya?"

Amuna aja anaweramira maukonde awo. Mmodzi anatsokomola. Amalume anamanga mfundo imene ankamanga, anaidula ndi mano, analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chingwe chija n'kundipatsa ine.

"Diso la amayi ako ndi langa onse anganamizidwe. Ichi sichinama. Kayeze. Mwala ukagunda pansi, uwerenge mfundo zimene zalowa m'madzi. Chotsalacho uchikoleke m'khosi, usachiike pansi m'bwato. Ikakhala isanu ndi umodzi, ndipita."

Ndinapita ndekha, dzuwa lili pamutu. Ndinakoleka chingwe m'khosi monga anandiuzira, ndinaponya mwala pambali pa makina, n'kuyamba kutsitsa. Imodzi, ziwiri, zitatu. Chingwe chinkandipalapasa m'manja. Yachisanu inalowa. Yachisanu ndi chimodzi inalowa, ndinadikira kumva mwala ukugunda. Sunagunde. Unkakokabe. Yachisanu ndi chiwiri inalowa. Yachisanu ndi chitatu itangokhudza madzi, chingwe chinafewa.

Zisanu ndi zitatu.

Thukuta linkandilowa m'maso. Ndinaganiza za tebulo la mabowo anayi. Kenaka ndinayang'ana chingwe pamene chinalowera m'madzi, ndipo ndinaona chinthu. Chinali chothyoka. Kabwato kanali katasuntha pang'ono ndi kayendedwe ka madzi, pang'ono chabe, koma pamwamba penipeni pa madzi chingwe chinakhota ngati chigongono, n'kupita cham'mbali kwambiri. Ndinati, eya. Chingwe chayenda mopingasa, n'chifukwa chake chadya mfundo zambiri. Chikanatsika molunjika zikanakhala zisanu ndi imodzi, monga anenera amayi. Amayi sanalakwitsepo muyeso chibadwire changa.

Ndinachotsa ziwiri.

Nkhafi ndinkaiona tsiku ndi tsiku ikuthyoka chimodzimodzi m'madzi, n'kutuluka yowongoka. Sindinaganizepo kawiri. Tsikulo ndinaona chimene ndinkafuna kuona. Kaya ndinalakwitsa, kaya ndinanama, zaka zonsezi ndalephera kuzilekanitsa.

Ndinabwerera ku mlambe. Amuna aja anali adakalipo. Amalume analandira chingwe, anayamba kuchikoka pakati pa zala, kuyambira ku mwala, pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Zingati?"

"Zisanu ndi imodzi."

Zala zinapitirira. Penapake zinaima. Kenaka zinapitiriranso mpaka kumapeto. Anachikulunga, anachipachika pa msomali.

"Chabwino. Kauze amayi ako kuti mawa m'mawa."

M'mawa mwake wamalonda wina wa ku Kobwe, amene ankabweretsa nkhuni ndi nsungwi, anatibwereka boti lake lamatabwa ndi chingwe chachitali cha nayiloni. Tinakweramo ine, amalume, wamalondayo ndi amuna awiri. Amayi anayenda wapansi mpaka pa miyala ya kunsonga, n'kuima pamenepo. Nyanja inali bata ngati mafuta m'mbale. Amalume analavulira m'galasi, analitsuka, analivala. Anachita chizindikiro cha mtanda. Anamanga nsonga ya nayiloni m'chiuno, anakumbatira mwala waukulu kuti uwatsitse msanga, anapuma katatu, n'kudziponya.

Ndinawerama kuwayang'ana. Thupi lawo linafupika, miyendo inakhala ngati ya mwana. Ankatsika. Ndinaona ngati afika, koma ankapitabe. Ndinaonanso ngati afika, ankapitabe, akucheperachepera. Wamalonda uja ankatsitsa chingwe m'manja mwake, ndipo ndinamumva akung'ung'udza kuti, "Apa si isanu ndi umodzi apa."

Mchenga unafuka pansi. Patapita nthawi chingwe chinagwedezeka kawiri. Amanga.

Ananyamuka pansi bwino. Koma atakwera pang'ono anasiya kulunjika. Anayamba kupita cham'mbali, kuzungulira, ngati nsomba yomenyedwa ndi nkhafi. Anafika pafupi ndi pamwamba, pafupi ndithu, kenaka anatembenuka n'kuyamba kulowera ku miyala. Mmodzi wa amuna aja anadumpha, anawagwira tsitsi, n'kuwatulutsa. Tinawakokera m'boti. Titavula galasi, maso anali ofiira ngati nyama. Magazi ankatuluka m'mphuno ndi m'khutu lakumanzere, n'kusakanikirana ndi madzi a pansi pa boti. Anasanza. Anagwira thabwa ndi manja onse ngati boti likugubuduka, pamene linali litangoima.

Amuna aja anakoka nayiloni. Makina anatuluka akuchucha matope, tinkhono titamatirira pa gudumu. Anawaika pafupi ndi mapazi a amalume. Amayi anali pa mwala paja, dzanja pakamwa. Kuchokera m'boti sindinathe kuona chimene ankayang'ana pa ziwirizo.

Kuchipatala anati khutu lang'ambika mkati. Lakumanzere linafa. Lakumanja linatsala lomva ukakuwa. Choipa kwambiri chinali chizungulire. Akaima m'bwato, dziko linkapendekeka. Munthu amene anabadwira m'bwato anayamba kuyenda atagwira khoma.

Anthu ankabwera kudzawaona, n'kumafunsa chimene chinawasokoneza pokwera. Masiku oyamba ankawauza, mokweza, monga amayankhulira osamva.

"Khutu litaphulika, zonse zinazungulira. Ndinayang'ana kumwamba kuti ndione boti. Kumwamba kunali miyala. Pansi miyala, kumwamba miyala, nsomba zikuyenda chagada. Kunja kunali bowo limodzi lokha, lozungulira ngati lichero. Ndikati ndilitsate, mutu unkanditembenuza."

Anthu ankagwedeza mitu, n'kukaseka kuseri. Ena anati madzi alowa mu ubongo. Ena anati anaona mudzi wa omira, ndipo munthu woona zotere sakwera naye boti. Ana anayamba kukuwa akawaona, "Miyala kumwamba!" Amalume sankamva, koma milomo ankaiona. Anasiya kufotokoza. Anakhala pansi pa mlambe kusoka maukonde a anthu ena. Ndikuganiza kuti kutchedwa wamisala kunawapweteka kuposa khutu.

Makina anachira. Amayi anawamasula chidutswachidutswa pa mphasa, anaviika m'parafini, anapala dzimbiri ndi phulusa, anathira mafuta. Nyumba yonse inanunkha parafini mlungu wathunthu. Tsiku lachisanu ndi chitatu gudumu linazungulira, singano inaluma nsalu. Choyamba kusoka chinali malaya a amalume. Sanawayeze. Anawakwana ndendende. Anandituma kukapereka, ndipo anandiuza kuti ndikanene kuti utaka uja akhoza kumatumiza. Utaka panalibenso. Amalume anavala malayawo, anamanga mabatani onse mpaka m'khosi. Ndinawakuwira kuti makina akusoka. Analoza khutu lakufa lija.

"Ndikuwamva. Ali muno. Saleka."

Nsalu zinabwerera pa mpando. Makina amenewo ndi amene anandifikitsa sitandade 8. Ndinadya, ndinavala, ndinakula ndi khutu la amalume. Amayi sindinawamvenso akunena kuti diso lawo ndi tepi. Anagula tepi yachikasu ku Chipyela, ankaikoleka m'khosi. Pakati pa ine ndi iwo, mawu oti mikwamba sanatulukenso.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, mitambo ikuunjikana ku mapiri a tsidya, aphunzitsi anabwera m'kalasi ndi beseni, ndowa ya madzi ndi khobidi. Anali munthu wa kumtunda, wa ku mapiri, woopa nyanja. Tinkamuseka chifukwa cha zimenezo. Anaika khobidi m'beseni louma, anatiuza tibwerere m'mbuyo mpaka mlomo wa beseni ulibise. Kenaka anathira madzi pang'onopang'ono. Khobidi linatulukira, ngati lakwera. Anzanga anakuwa. Anaviika ndodo yake yotikwapulira, inathyoka. Anaitulutsa, inali yowongoka.

"Kuwala kukamachoka m'madzi kulowa mumpweya kumakhota," anatero. "Koma diso silidziwa kuti kwakhota. Limayesa kuti kwayenda molunjika. N'chifukwa chake pansi pamaoneka pafupi. Ukayang'ana molunjika pansi, pa magawo anayi a kuya madzi amabisa limodzi. Inu a m'nyanja mumaziona tsiku ndi tsiku, koma ndikufunseni pa mayeso muona."

Masamu sindinkawadziwa kwenikweni. Awa ndinawachita msanga, pa chikuto cha kope. Pa zinayi, imodzi. Pa zisanu ndi zitatu, ziwiri. Zotsala zisanu ndi imodzi. Diso la amayi silinalakwe. Linayeza bwinobwino chimene madzi analionetsa. Chingwe nachonso sichinalakwe. Wolakwa anali pakati.

Aphunzitsi sanathere pomwepo. Anathira madzi m'botolo lagalasi lodula pakamwa, analinyamula m'mwamba, n'kutiuza tizibwera mmodzimmodzi kudzayang'ana pamwamba pa madziwo kuchokera pansi, chapambali. Itafika nthawi yanga ndinayang'ana. Denga la kalasi silinaoneke. Pamwamba pa madzi panali ngati kalilole, ndipo m'kalilolemo munali zala za aphunzitsi zimene zinagwira botolo, zitazondoka.

"Kuwala kukafika pamwamba mopendekeka kwambiri sikutuluka," anatero. "Kumabwerera pansi konse. Wotsatira."

Titaweruka sindinapite kunyumba. Ndinakatenga galasi la amalume pa msomali, iwo akugona. Ndinapita pa miyala, pamalo ofika m'khosi, ndinakumbatira mwala, n'kugona chagada pansi. Ndinadikira madzi akhazikike. Ndinayang'ana kumwamba.

Lichero linali apo. Lozungulira, lowala, ndipo thambo lonse linapanikizana m'menemo, mitambo, nthambi za mtengo wa pagombe, zonse zopindika m'mphepete. Kunja kwa lichero kunalibe thambo. Kunali miyala, yolendewera pamwamba panga. Mbuna inadutsa pafupi ndi mwendo wanga, ndipo inzake inadutsa kumwamba, mimba ili m'mwamba. Ndinakhala mpaka chifuwa chinayamba kutentha.

Ndinathamangira ku mlambe ndikuchucha madzi. Ndinaika pakamwa pa khutu lakumanja.

"Amalume, ndaiona miyala ya kumwamba. Iliko."

Anandiyang'ana. Maso anali adakali ndi timadontho tofiira.

"Iliko," anatero. "Usauze anthu. Wamisala mmodzi akwanira pa banja."

Pakamwa panga panali padakali pafupi ndi khutu lawo. Mawu ena aja anali okonzeka, a mfundo ziwiri. Koma kunena chinthu chotere mokuwa, pabwalo, amayi ena akudutsa ndi mitolo ya chinangwa, ndinalephera. Ndinati mawa. Mawa ndinati mawa. Amalume anakhala zaka zina khumi ndi zinayi pansi pa mlambe uja. Sanakwerenso bwato. Ankandiphunzitsa kusema ndi kukhoma, ndipo sanandikalipirepo. Pomwalira anauza amayi kuti chingwe chipite kwa ine.

Ndinachisunga m'bokosi, osachigwiritsa. Ndinachitulutsa ndili kale ndi ana anga, tsiku lina pamene ndinkafuna poika nangula wa boti latsopano, chingwe china chitasowa. Ndinamanga mwala, ndinakoleka chotsala m'khosi mwachizolowezi, ndinayeza. Pobwera kumtunda ndinakhala pa mchenga n'kuyamba kuchikoka pakati pa zala kuti ndichikulunge. Chinali chozizira, cholemera, chakuda. Mfundo, mfundo, mfundo. Kenaka mwadzidzidzi chouma, chofunda ndi dzuwa. Zala zanga zinaima zokha.

Ndinakhala pamenepo mpaka mwana wanga anabwera kudzandifunsa ngati ndadwala.

Chifukwa chimene amalume anapitira pansi paja sindichidziwa. Kaya anapitira mlongo wawo ndi tebulo la mabowo anayi. Kaya mawu aja a pogwetsa. Kaya sanafune kunditcha wabodza pamaso pa amuna atatu. Wondiuza palibenso.

Ndimangoona mwana uja, ine ndemwe, ataima pansi pa mlambe, mapazi ali ndi mchenga, akuthokoza kuti sanagwidwe. Anaona zala zikuima pa mfundo yachisanu ndi chitatu, pamene kunyowa kunathera. Iye ankayesa kuti amalume akufufuza ngati chingwe chaperepeseka pa miyala.